Mafunso ndi mayankho: kuzindikira ma CD a bossa nova ndi jazi ya ku Brazil

Awa ndi mafunso omwe amabwerabwera kuchokera kwa anthu oti agwira CD ya bossa nova m'manja, kaya anaigula pa intaneti, kaya inabwera m'katoni ya achimwene ochokera ku Johannesburg kapena ku London, koma sakudziwa kuti chomwe agwiracho ndi chani kwenikweni. Pena tikulozerani ku funso lina m'malo mobwereza zomwezo.

CD yotulutsidwanso ndi CD ya nyimbo zotolera, kusiyana kwake nkotani?

Yotulutsidwanso ndi chimbale choti chinatuluka kale pa mbale zakuda zija, ma LP, ndiye kampani yachibweretsanso pa CD ndi dzina lomwelo, chikuto chomwecho, nyimbo zikutsatana mmene zinkatsatirana, mwina kungowonjezera ziwiri zitatu kumapeto. Yotolera ndi ija munthu wa kukampani watapa nyimbo imodzi apa, ziwiri apo, zaka zosiyana, ma situdiyo osiyana, nkuzimanga pamodzi nkuzipatsa dzina lake latsopano.

Chofunika kuchigwira ndi ichi: bossa nova, mtundu wa nyimbo za ku Brazil, inaphulika ku Rio de Janeiro cha mu 1958 ndi 1959, pomwe CD inayamba kugulitsidwa mu 1982. Ndiye CD iliyonse ya nyimbo za nthawi imeneyo ndi yotulutsidwanso kapena yotolera basi, palibe ya orijino. Wogulitsa akati orijino amatanthauza kuti si yobena, kapena kuti ndi CD yoyamba kutuluka ya chimbale chimenecho.

Pali mtundu wina wapakati, zimbale ziwiri zathunthu pa CD imodzi. Ku Brazil amalemba 2 em 1. Chitsanzo chodziwika ndi Amoroso/Brasil ya João Gilberto, mmodzi mwa oyambitsa bossa nova, yomwe ndi Amoroso ya 1977 ndi Brasil ya 1981 kuziphatikiza.

Chaka chomwe chalembedwa kumbuyo ndi chomwe nyimbo zinajambulidwa?

Nthawi zambiri ayi. Pamakhala tizizindikiro tiwiri, P wa mkati mwa kabwalo ndi C wa mkati mwa kabwalo. Wa P amanena za mawu ojambulidwawo, chaka chomwe anatulutsidwa koyamba, pomwe wa C amanena za chikuto, zithunzi ndi zolemba. Mukaona P 1964 ndi C 1997 ndiye kuti nyimbo ndi zakale, chovala chake ndiye chatsopano. Vuto ndi loti makampani akakonzanso mawu kapena akatolera nyimbo amaika P wa chaka chatsopanocho, ndiye mupeza CD ya Antonio Carlos Jobim, wopeka nyimbo zambiri za bossa nova, yolembedwa P 2005 pomwe mkuluyo anamwalira mu 1994. Tsegulani kabuku ka mkati, kampani yolongosoka imalemba chaka pansi pa nyimbo iliyonse.

Ndiyambire pati kuyang'ana?

Osati kutsogolo. Kutsogolo kuja ndi kotsatsa malonda, chithunzi cha gombe ndi gitala aliyense atha kuika. Yambani ndi m'mbali mwa kesi, pamsana paja, pali nambala ya kampani, mwachitsanzo 810 048-2 kapena 314 521 414-2. Kenako bakhodi ya kumbuyo. Kenako tembenuzani CD yeniyeniyo mbali yonyezimira, muipendeketse pa kuwala kwa windo, muona timalemba ting'onoting'ono tozungulira bowo lapakati, ena timawerengeka chobwerera ngati pagalasi. Timeneti ndi ta fakitale yomwe inadinda CD ndipo sitinama kawirikawiri.

Pa timalembato fufuzani mawu akuti IFPI. Makhodi amenewa, osonyeza fakitale yomwe inapanga CD, anayamba mu 1994, imodzi imayamba ndi IFPI L, ina imakhala yodindidwa pa pulasitiki yoonekera mkati ija pafupi ndi bowo, yovuta kuona mpaka mutaunika ndi tochi ya foni. CD ikakhala nawo ndiye kuti inapangidwa 1994 kapena pambuyo pake, olo kumbuyo kutalembedwa 1987. Ikapanda, musafulumire kunena kuti ndi yakale, mafakitale ena sankaika.

Manambala atatu amenewa kawalembeni pa Discogs kapena MusicBrainz, mawebusaiti osunga mndandanda wa zimbale. Nambala ya kampani yokha imabweretsa mitundu ingapo, bakhodi imachepetsa, timalemba tapakati ndi tomwe timamaliza nkhani.

Bakhodi ingandiuze dziko lomwe CD inapangidwa?

Pang'ono chabe. Yoyamba ndi 789 ndi ya kampani yolembetsedwa ku Brazil, 45 kapena 49 ndi Japan, 50 ndi UK, 600 ndi 601 ndi South Africa. Koma imanena komwe kampani inalembetsa nambalayo, osati komwe kuli fakitale, komanso makampani akuluakulu ngati PolyGram, EMI ndi Universal ankagwiritsa ntchito bakhodi imodzi m'maiko ambiri, ndiye CD yodindidwa ku Brazil ndi ya ku Germany zitha kufanana bakhodi ndendende. Za ku Brazil onani funso lachisanu ndi chiwiri.

Ndili ndi Getz/Gilberto, koma ndikuona zilipo zambirimbiri. Yangayi ndi iti?

Chimbale ichi ndi chomwe chimazunguza anthu kwambiri chifukwa chakhala chikudindidwa osapuma. Chinajambulidwa ku New York mu Marichi 1963, chinatuluka 1964 pa kampani ya Verve, nambala ya LP ya sitiriyo ndi V6-8545, Stan Getz pa saksofoni, João Gilberto gitala ndi mawu, Jobim piyano, Milton Banana pa ng'oma, Astrud Gilberto akuimba nawo pa nyimbo ziwiri. Chikuto ndi chojambula cha Olga Albizu, cha mtundu wa olenji chija. LP inali ndi nyimbo 8.

Werengani nyimbo kaye. Ya m'zaka za m'ma 1980 ndi ya nambala 810 048-2, zoyambirira zimalembedwa Made in W. Germany by PolyGram ndipo siliva wake amafika mpaka pabowo penipeni, palibe pulasitiki yoonekera mkati. Ikakhala ndi nyimbo 10 mu chikuto cha pepala lolimba chopinda, imeneyo ndi Verve Master Edition ya 1997, ziwiri zowonjezerazo ndi zija zinafupikitsidwa kuti zizimveka pa wailesi. Ya 2014, yokumbukira zaka 50, ili ndi chimbale chonse kawiri, sitiriyo ndi mono, kuphatikizanso zazifupi zija.

Palinso kankhani ka mbali. Pa ma CD ena sipika ya kumanja ndi ya kumanzere zinasinthanitsidwa, ndiye mukavala mahedifoni mupeza Astrud akumveka khutu ili pa CD imodzi, khutu linalo pa CD ina. Si kuti yanu yawonongeka.

Ndipo samalani ndi Getz/Gilberto #2. Si gawo lotsala la chimbale choyamba, ndi konsati ya ku Carnegie Hall ya mu Okutobala 1964, yomwe inatuluka pambuyo pake. Osaisokonezanso ndi konsati ina ya pa holo yomweyo ya pa 21 Novembala 1962, ija inatuluka pa Audio Fidelity.

Bwanji The Girl from Ipanema ya pa CD yanga ndi yaifupi, ndipo mwamuna uja sakumveka?

Muli ndi ya pa kambale kakang'ono ka 45. Pa chimbale nyimboyi imapitirira mphindi zisanu, amayamba ndi João m'Chipwitikizi kenako Astrud m'Chingerezi. Pofuna kuti ilowe pa wailesi anadula gawo la João, inatsala yosakwana mphindi zitatu, ndipo ma CD otolera ambiri amatenga yaifupiyi osanena. Astrud anaijambulanso kangapo pambuyo pake ndi oimba ena, ndiye dzina lake pa chikuto sikuti ndi umboni woti Getz alimo.

Iyi ndi njira yabwino pa nyimbo zonse, kuyang'ana kutalika kwake. Águas de Março ilipo ya Elis Regina yekha ya 1972, ya João Gilberto ya 1973, ya Jobim ya 1973, ndi ija amalandizana mawu Elis ndi Jobim mpaka kuseka kumapeto, ya pa Elis & Tom ya 1974. Mas que Nada ilipo ya mwini wake Jorge Ben ya 1963, ya Tamba Trio, ya Sergio Mendes ndi Brasil '66 ya 1966, ndi ya 2006 ija ali ndi Black Eyed Peas. Dzina limodzi, koma mphindi ndi masekondi sizifanana.

Ndingadziwe bwanji kuti CD ndi ya ku Brazil komweko, nanga ya chaka chanji?

Apa ndiye pokoma chifukwa ma CD a ku Brazil amadziulula okha. Kumbuyo pansi pamakhala mawu akuti Indústria Brasileira, ndipo ambiri amalembedwa kuti anapangidwa ku Manaus, mzinda wa m'chigawo cha Amazonas komwe boma linachepetsa misonkho kuti mafakitale akhazikike. Muona Zona Franca de Manaus kapena Pólo Industrial de Manaus, limodzi ndi dzina la fakitale ngati Microservice, Sonopress kapena Videolar.

Za chaka pali zidule ziwiri. Choyamba, nambala ya msonkho ya kampani: ikayamba ndi CGC ndiye kuti chikuto ndi chakale, chifukwa mu 1998 anasintha kukhala CNPJ. Chachiwiri, kuyambira 2003 lamulo linawakakamiza kulemba gulu la kudinda, zilembo ziwiri ndi manambala, pamsana pa kesi kapena pa CD pomwe. AA0003000 ndiye kuti ulendo woyamba kudinda, makope 3000. AB ndi ulendo wachiwiri, AC wachitatu, choncho. Mukaona AA ndi nambala yochepa dziwani kuti mwagwira chinthu choti sichinachuluke, zimbale zambiri za samba jazi zinadindidwa kamodzi nkuthera pompo.

Ena a EMI a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ali ndi chizindikiro cha Copy Controlled, amenewa pena amavuta mu kompyuta kapena m'galimoto, koma ndi enieni.

Chikuto chonse chili m'Chipwitikizi, ndi mawu ati ofunika?

Ochepa okha. Coletânea ndi yotolera, chimodzimodzi O Melhor de ndi Grandes Sucessos. Ao vivo ndi ya pa konsati. Faixa ndi nyimbo imodzi pa chimbale. Gravado em ndiye pomwe pali malo ndi chaka chojambulira, gravações originais akuti ndi zojambula zoyambirira zenizeni, pomwe regravação ndi yojambulidwanso. Remasterizado onani funso lomaliza. Amene muli ndi abale ku Tete kapena ku Angónia atumizireni chithunzi pa WhatsApp akuwerengereni, Chipwitikizi cholembedwa ndi chomwecho.

Mayina ena akangooneka dziwani kuti ndi zotolera za kampani: Millennium, Personalidade, Minha História, A Arte de, Sem Limite, izi ndi za mbali ya Philips, PolyGram ndi Universal, pomwe Meus Momentos ndi Bis ndi za EMI. Ku mbali ya Verve kuli Compact Jazz, Verve Jazz Masters ndi Finest Hour. Ikakhala ngati kabuku kachikuto cholimba CD ili mkati, mwina ndi ya Coleção Folha 50 Anos de Bossa Nova ya 2008, yomwe inkagulitsidwa ndi nyuzipepala ya Folha de S.Paulo.

Bwanji ma CD otchipa aja, atatu kapena anayi m'bokosi limodzi, nyimbo zake zimathera 1962?

Ndi nkhani ya malamulo a ku Ulaya. Kale umwini wa mawu ojambulidwa unkatha pakadutsa zaka 50. Mu 2013 anawonjezera kufika zaka 70, koma zomwe zinali zitamasuka kale sanazibweze, ndiye chilichonse chotuluka mpaka kumapeto kwa 1962 aliyense ku Ulaya atha kudinda osapempha kampani yomwe inajambula. Nchifukwa chake Jazz Samba ya Stan Getz ndi Charlie Byrd, yomwe inajambulidwa pa 13 Febuluwale 1962 mu holo ya tchalitchi ku Washington, mumaipeza pa makampani osawerengeka, nyimbo za filimu ya Orfeu Negro ya 1959 chimodzimodzi, Canção do Amor Demais ya Elizete Cardoso ya 1958 chimodzimodzi.

Si akuba ayi, ku Ulaya ndi zololedwa. Koma matepi enieni alibe, amatenga mawu pa LP yakale kapena pa CD ya ena, ndiye kamvekedwe kamadalira luso la yemwe wagwira ntchitoyo. Ena ngati Frémeaux & Associés ya ku France amaika kabuku konenepa kofotokoza nyimbo iliyonse, ena amangoika mndandanda wa mayina basi. Chizindikiro chake: palibe logo ya Verve, Odeon kapena Philips, palibe mawu oti atenga chilolezo kwa mwini, ndipo palembedwa Made in EU.

Zimbale zitatu zoyamba za João Gilberto bwanji zimavuta kupeza pa CD ya kampani yake?

Chega de Saudade ya 1959, O Amor, o Sorriso e a Flor ya 1960 ndi João Gilberto ya 1961, zonse za Odeon, ndi pomwe pagona bossa nova yonse, koma zinakodwa m'milandu. EMI inazipanikiza zonse pa CD imodzi, O Mito ku Brazil, kunja inatuluka mu 1990 ndi dzina loti The Legendary João Gilberto pa World Pacific. Mwini wake sanakondwe, anati mawu anawasintha popanda iye kuvomera ndipo ndondomeko ya nyimbo anaisokoneza, anapita kukhoti, CD inachotsedwa pamsika, ndipo khoti lalikulu la ku Brazil la STJ linamukomera mu 2011. Iye anamwalira mu 2019.

Ndiye mukaipeza The Legendary m'sitolo ya zinthu zakale tengani, olo mkuluyo ankaida, ndi yosowa. Zina zomwe muona za zimbale zitatuzi zambiri ndi za makampani a ku Ulaya aja tafotokoza pa funso lapitali.

Zimatheka chimbale chimodzi kukhala ndi mayina awiri, kapena dzina limodzi zimbale ziwiri?

Kwambiri, ndipo apa ndi pomwe anthu amagula chinthu chimodzi kawiri. O Amor, o Sorriso e a Flor ku America inatuluka pa Capitol ngati Brazil's Brilliant João Gilberto. The Composer of Desafinado, Plays ya Jobim ya 1963 pa Verve, ku Brazil inatuluka pa kampani ya Elenco ndi dzina la mwini wake lokha, Antonio Carlos Jobim. Matita Perê ya 1973 ku America ndi Jobim basi, pa MCA. Tom Jobim ndi Antonio Carlos Jobim ndi munthu mmodzi, tinene izi poti ena amafunsa.

Mbali inayo, João Gilberto ali ndi zimbale ziwiri zongolembedwa dzina lake, ya 1961 ndi ya 1973 yachikuto choyera ija. Koma msampha weniweni ndi Os Afro-sambas. Yoyamba ndi ya 1966 pa Forma, Baden Powell ndi Vinicius de Moraes, mawu ake ndi okhakhala, ngati anthu asonkhana pakhonde, ndipo Vinicius akuimba. Mu 1990 Baden anaijambulanso yonse ndi Quarteto em Cy, yoyera bwino, koma Vinicius mulibe poti anamwalira mu 1980. Zonse ndi zabwino, ine ndimakonda yokhakhalayo, koma dziwani yomwe mukugula.

Chikuto chikuti Elenco koma kumbuyo kuli Universal, ndi feki?

Ayi, nsomba yaikulu inameza yaing'ono. Elenco anaiyambitsa Aloysio de Oliveira mu 1963, ndipo zikuto zake za César Villela simungaziphonye, chithunzi chakuda pa pepala loyera ndi timadontho tinayi tofiira. Nyimbo za Elenco ndi za Forma zinapita ku Philips, Philips inali mu PolyGram pamodzi ndi Verve, PolyGram inalowa mu Universal kumapeto kwa 1998. Ndiye logo ya Universal pa CD ya Elenco, Philips kapena Verve ikukuuzani kuti ndi ya 1999 kupita mtsogolo, ya PolyGram ikukuuzani kuti ndi ya kale. Odeon inali ya EMI, ndipo EMI nayo inagulidwa ndi Universal mu 2012.

Palinso makampani ang'onoang'ono omwe amatenga chilolezo chenicheni nkutulutsa zinthu zoti akuluakuluwo anaziiwala: Mr Bongo, Far Out ndi Soul Jazz a ku UK, Dubas ya ku Brazil, Light in the Attic ya ku America yomwe inatulutsanso zimbale zinayi za Marcos Valle za m'ma 1970. Mukaona dzina la Charles Gavin m'kabuku, yemwe kale ankaimba ng'oma m'gulu la Titãs, ndiye kuti ndi ntchito yofukula matepi akale, monga mndandanda wa Odeon 100 Anos.

Yanga ili ndi kapepala kopinda m'mbali ka zilembo za Chijapani. Ndikataye?

Musataye! Kamatchedwa obi, ndipo kwa osonkhanitsa ma CD kakasowa mtengo umatsika. Pamakhala mtengo wa yen, nambala ndi tsiku lotulukira. Manambala ambiri a ku Japan amayamba ndi zilembo zinayi, POCJ ndi PHCA za nthawi ya PolyGram, UCCU ndi UICY za Universal, TOCP ya Toshiba EMI, ndipo bakhodi zambiri zimayamba ndi 4988. Ikalembedwa SHM-CD, womwe ndi mtundu wina wa CD wa ku Japan, si yakale kuposa 2007. Anthu a ku Japan amaikonda bossa nova koopsa, moti zimbale zina za magulu a piyano, besi ndi ng'oma a m'ma 1960 zinayamba kutuluka pa CD kumeneko zisanatuluke kwawo ku Brazil.

Yobena ndingaidziwe bwanji?

Tembenuzani. Yodinda kufakitale ndi ya siliva, yobena nthawi zambiri imapita kobiriwira, kwa buluu kapena golide wotuwa, ndipo mumaona malire pomwe pathera nyimbo. Pakati palibe timalemba ta fakitale tija, pali nambala ya CD yopanda kanthu. Chikuto chimakhala chofotokopa, timalemba tating'ono tofufutika, ndipo mayina a Chipwitikizi amakhala atataya tizizindikiro take, Joao m'malo mwa João.

Ndili ndi CD yokha, kesi ndi kabuku zinatayika. Kompyuta kapena Shazam, pulogalamu ya pa foni yozindikira nyimbo ija, zingathandize?

Zithandiza koma osazikhulupirira zonse. Kompyuta siwerenga dzina pa CD, imatenga chiwerengero cha nyimbo ndi kutalika kwake nkukafunsa pa intaneti ku Gracenote kapena MusicBrainz komwe kuli mndandanda wa ma CD, ndiye ikhoza kukupatsani dzina la CD ina yofanana nayo, kapena zomwe munthu wina analemba molakwika. Shazam imazindikira nyimbo bwinobwino koma chimbale chomwe imaonetsa chimakhala chilichonse chomwe nyimboyo ilimo, nthawi zambiri chotolera. Timalemba tapakati tija ta funso lachitatu ndi todalirika kuposa zonsezi. Kuti mudziwe chimbale chomwe nyimbo inayambira, IMMuB ndi Discos do Brasil ndi malo a ku Brazil komweko osungirako mbiri ya zimbale.

Yolembedwa remasterizado kapena remastered ndiye yomveka bwino kuposa yakale?

Osati nthawi zonse. Mawuwa akungotanthauza kuti atenganso tepi nkuikonza, ena amakonza bwino, ena amangokweza voliyumu mpaka gitala ya João, yomwe kukoma kwake ndi kufatsa, imamveka ngati ikukukalipirani. Ma CD ena a m'ma 1980 olembedwa AAD, kutanthauza kuti mawu anajambulidwa ndi kusakanizidwa pa matepi akale aja, amamveka motsika koma mwachilengedwe, mungokweza nokha pa wailesi.

Siyanitsaninso kukonza ndi kusakanizanso. Elis & Tom yomwe inatuluka pa Trama mu 2004 anaisakanizanso kuchokera pa matepi a situdiyo, César Camargo Mariano yemwe anaimba piyano ndi kukonza nyimbo pa chimbale cha 1974 ali pomwepo, ndiye zida zina zimamveka mosiyana ndi pa CD ya Philips. Ngati muli ndi zonse ziwiri sungani zonse, si chinthu chimodzi.